Gudumu Lomwe Ndinaliwongola

Ndikukumbukira tsiku lomwe ndinawongola gudumu la njinga lomwe linali lowongoka kale. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo malinga ndi kuona kwanga, pa Kamwendo ponse panalibe munthu wodziwa zinthu kuposa ine. Kusukulu ndinkapita modumphadumpha, koma kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi chilichonse chokhala ndi zilembo: mapaketi a shuga, mapepala a zipani omwe anadzaza m'mitengo matipate atabwera, ndi nyuzi zakale zomwe Anaphiri, oyandikana nafe nyumba, ankakulungira zitumbuwa. Vuto la munthu wowerenga zidutswa ndi loti chilichonse amachidziwa theka.

Amalume anga a Yohane, mlongo wawo wa amayi, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya. Chaka china mutu unawasokonekera. Anasiya kugona, nkumayankhula ndi anthu omwe ife sitinkawaona, mpaka tsiku lina anthu anawapeza akuyenda opanda nsapato kulowera kumalire a Zambia. Kuchipatala anakhalako miyezi yambiri. Pobwera anali ofatsa, oyenda pang'onopang'ono, manja akunjenjemera ngati a nkhalamba, chonsecho zaka makumi atatu asanakwanitse.

Amayi ankawasunga ngati dzira. Akagwira khasu, kuwalanda. Akafuna kuwaza nkhuni, "Siyani achimwene, mungadzipweteke." Amalume ankangokhala pakhonde, kuwerenga nkhuku za eni.

Amene anakana zimenezi ndi a nesi ena aamuna a kuchipatala cha ku Boma, omwe ankawapatsa mankhwala mwezi ndi mwezi. Anati mapiritsi okha sangadzutse munthu wongokhala, ndipo anakakambirana ndi a Jere, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, kuti awaphunzitse ntchito. Anagwirizana kuti amalume azigwira m'mawa mokha, tsiku lokatenga mankhwala azipuma, ndipo a nesiwo azibwera kudzawazonda. A Jere anavomera, koma anaikapo mawu awo: "Akandithawitsira makasitomala, abwerera pakhonde pawo."

Amayi analola monyinyirika, nkundituma kuti ndizipita nawo, ndiziwayang'anira. Ine ndinali nditawerenga kale kapepala ka m'bokosi la mankhwala awo, ka Chingerezi, komwe ndinamvapo mawu atatu. Choncho ndinapita ngati dokotala, ndipo Anaphiri anayamba kunditchula motero.

Ntchitoyo inanditopetsa ine kuposa iwo. Kumata chubu, komwe a Jere ankachita akucheza, amalume kunkawatengera ola lathunthu. Nati ikagwa m'dothi, ankaifunafuna, kuipukuta, kuiyang'anitsitsa, ine mtima ukuwira. Ndikatambasula dzanja kuti ndithandize, a Jere ankandibweza: "Iwe, wabwera kudzaphunzira ndiwe?" Eni akewo osathandizanso, ali phee pachitsa, kumangoti, "Bwerezani, a Yohane." Mumtima ndinkati mdala uyu alibe chisoni.

Patapita masabata angapo, a Jere anawapatsa gudumu loyamba loti awongole okha. Linali la a Lufeyo, wakabaza wodziwika ndi pakamwa. Amalume anagoneka njingayo chagada nkuyamba kulizungulitsa. Kupotokola sipoko imodzi pang'ono ndi kakiyi kake, kuigogoda ndi chala, kutchera khutu ngati akuchuna banjo, kuzungulitsanso. Dzuwa linafika pamutu. Atamaliza anakatsamira kuseri kwa mtengo, poti mankhwala aja ankawapatsa tulo masana, a Jere nawo anapita kukadya pachiwaya.

Ndinatsala ndekha ndi gudumu. Nditagwira masipoko, ena ndinawamva ngati ofewa. Ndinati, ndi manja onjenjemera aja akanamanga bwanji? Kakiyi kanali m'thumba mwawo, ndiye ndinatola pulayazi, nkumanga sipoko iliyonse yomwe ndinaikayikira mpaka inalira. Ndinapukuta manja, wokhutira kuti ndapulumutsa banja lathu ku manyazi. A Lufeyo anadzatenga njinga yawo mothamanga, osaiyang'ana nkomwe.

M'mawa mwake anabwera ataisenza, gudumu litapindika ngati eyiti. Anali atagwetsa mayi wina ndi dengu lake la tomato panjira ya ku Mlonyeni.

"A Jere! Njinga yomwe ndimadyetsera ana mwapatsa wamisala kuti aphunzirirepo?"

Anthu anasonkhana monga amachitira pamsika. Wina kumbuyo anati, "Tinkanena ife, misala sichira, imangopuma." A Jere anangolandira gudumulo nkumalitembenuza.

Amalume sanadzikanire. Anayang'ana gudumu, anayang'ana manja awo, kenako anatulutsa kakiyi m'thumba nkukaika pabokosi la zipangizo. Tili panjira yobwerera anandiuza motsitsa mawu: "Mphwanga, gudumu lija ndinaliona lowongoka. Ndinalimva ndi makutu angawa. Ngati linali lopindika, ndiye kuti mutu wayambanso kundinamiza."

Apo mpomwe ndikanayankhula. Koma dokotala anangoyang'ana zala zake zakumapazi.

Amayi atamva anawomba m'manja. "Ndinkanena ine! Khalani pansi achimwene, sitikulephera kukudyetsani." Masiku awiri amalume anakhala pakhonde, ndipo ulendo uno ngakhale nkhuku sankaziwerenga. Ankangoyang'ana zikhatho zawo.

Tsiku lachitatu a Jere anafika kwathu, gudumu lili paphewa. Anapereka moni, anamwa madzi, kenako anati, "A Yohane, ndinakuphunzitsani kumanga sipoko ndi chiyani?"

"Ndi kiyi."

"Nanga mano awa ndi a ndani?" Analoza timanati ta masipoko, tomwe tinali tokalikakalika. "Kiyi saluma. Choluma ndi pulayazi."

Sanandiyang'ane nkomwe, ndipo nchimene chinandithyola. Ndinaulula ndikulira, mamina ali mbwee, kuti ine ndimangofuna kuthandiza.

"Kuthandiza!" anatero a Jere, akumenya bondo lawo. "Pakhomo pano aliyense akuthandiza. Munthuyu adzachira liti?"

Amayi anayang'ana kumbali, nkukonza mpango womwe unali bwinobwino.

Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo ndikanachikonda. M'malo mwake, tsiku la msika a Jere anandiimika pamaso pa a Lufeyo ndi makabaza anzawo kuti ndifotokoze ndekha zomwe ndinachita. Anandiseka mpaka ena kugwira m'mimba. Kenako a Jere anandikhazika pachitsa chawo chija, manja nditawakhalira, kuti ndionerere amalume akumanganso gudumulo kuyambira sipoko yoyamba. Kakiyi kanagwa kawiri. Kawiri konse thupi langa linafuna kudumpha, kawiri konse a Jere anatsokomola. Amalume ankatola okha, kupukuta, kupitiriza.

Atamaliza, a Lufeyo analizungulitsa, ndipo linayenda ngati laima. Anakwera, anazungulira msika, nkubwerera. "A Yohane, nanga mabulekiwa simungawaonenso?" Kupepesa kwa makabaza nkomweko. Amalume anatenga sipanala, ndipo podutsa pomwe ndinakhala anati, "Manja amanjenjemera, mphwanga, koma makutu ayi."

Sindinganame kuti matenda anathera pomwepo. Anawabwereranso kawiri m'zaka zotsatira, ndipo nthawi zonsezo a Jere ankasunga kakiyi kaja mpaka mwini wake atabwerako. Pambuyo pake amalume anapeza mtengo wawowawo wokonzerapo njinga, ndipo makabaza ankadutsa okonza atatu kuwalondola iwo.

Chomwe chimandikwiyitsabe mpaka lero ndi choti amene anatsala pang'ono kuwabwezera pakhonde sanali onyoza a pamsika aja. Ndinali ine, wowakonda, wogwira pulayazi. Onyoza anangowatcha dzina, koma ine ndinawachititsa kukayikira mutu wawo womwe, pa tsiku lomwe unali utagwira ntchito bwino. Ndiye masiku ano dzanja likandiyabwa kuti ndimalizire munthu ntchito yake, ndimayesetsa kulikhalira, ngakhale akunyumba angakuuzeni kuti sindipambana kawirikawiri.

Madzulo a tsiku la msika lija ndinayesa kulowa kwathu mozemba, koma Anaphiri anandiona ali pamphika wawo wa zitumbuwa.

"Adokotala, tabwerani kuno," anandiitana. "Amalume anu mankhwala awo amakatenga ku Boma. Nanga inu othandizanu, anu tikawatenge kuti?"