Mayi Koma a Pageti la Yunivesite

Kunja kwa geti la yunivesite kuli kashopu kopapatiza, kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Mkatimo muli makompyuta awiri, makina a fotokope olira ngati mbuzi yomangidwa, ndi mayi wamfupi wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ophunzira anawatcha Mayi Koma, chifukwa ukangowapatsa pepala, mawu awo oyamba amakhala akuti, "Koma mwanawe..."

Sukulu anailekezera Fomu 2, bambo awo atayamba kudwala. Kutaipa anaphunzirira pa makina akale ogogoda aja, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akutaipa, kusindikiza ndi kumanga ntchito za ophunzira. Vuto lawo ndi limodzi: sadziwa kugwira pepala osaliwerenga. Lolemba amawerenga za malamulo, Lachiwiri za chiwindi, Lachitatu za chuma, ndipo zonsezo zimakaunjikana m'mutu mwawo popanda wozisanja.

Amene amaona nazo zakuda ndi amuna awo, telala wofatsa. Tsiku lina bamboyo anangotsokomola kawiri, mayi anabwera kale.

"Bambo, tatulutsani lilime. Mmm. Kodi chakudya mukubzikula bwinobwino?"

"Kubzikula? Ine?"

Apo m'pamene anakumbukira kuti pepala limene anawerenga zizindikirozo linali la wophunzira za ziweto.

Chaka china kunabwera mphunzitsi watsopano wa zanthaka, wachinyamata, inki ya pa digiri yake isanaume. Anagawira kalasi yake manotsi okhala ndi tebulo losonyeza kuti m'dothi lakutilakuti mchenga ndi wochuluka bwanji, dongo bwanji, pa zana lililonse. Ophunzira anangolikopera m'ntchito zawo mmene linalili. Woyamba kukasindikiza kwa Mayi Koma anali mtsikana woimira kalasiyo.

"Koma mwanawe," anatero mayi aja, "dothi lakoli likukwana 112 pa 100. Linalo wakumba kwa yani?"

"Ndi mmene alembera a Dokotala, amayi."

"Apapa pa dongo si 31, ndi 19. Tebuloli ndalitaipa zaka zisanu ndi zinayi, aphunzitsi akale aja asanapume. Tawonkhetsa wekha."

Mtsikana uja anawonkhetsa pafoni, nagwira pakamwa, n'kusintha. Anzake ena asanu ndi atatu amene anadzera pomwepo anasinthanso.

Pochonga, a Dokotala anapeza anthu asanu ndi anayi alemba nambala imodzimodzi imene iwo sanaphunzitse. Nkhani inali yosachita kufunsa: akoperana. Anawaitanitsa ku ofesi, nawauza kuti nkhaniyi ipita ku komiti ndipo ena alongedza zikwama.

"Nambalayi mwaitenga kwa ndani?"

Onse anayang'ana nsapato zawo. Kenako woimira kalasi uja anayankha chapansipansi. "Kwa Mayi Koma."

"Amaphunzitsa dipatimenti iti?"

"Ya pageti, bwana."

A Dokotala anafika pakashopu paja dzuwa lili paliwombo, mapepala ali m'khwapa, thukuta lili kamukamu. Analambalala mzere wa ophunzira n'kukaima kutsogolo. Mayi Koma sankawadziwa. Anangoona kamnyamata ka tayi.

"Kumbuyo, mwanawe. Anzakowa sanabwere kudzakuperekeza."

Wina pamzerepo anadziluma chala kuti asaseke.

"Ine ndine mphunzitsi wa zanthaka. Ndinu amene mukusokoneza ophunzira anga?"

Mayi aja anaganiza za kashopu kawo, kuti munthu ameneyu akhoza kungolemba kalata imodzi, ophunzira onse n'kuletsedwa kupondapo. Koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Pepani bwana, sindinakuzindikireni. Khalani pansi." Anawakokera kampando, nawapatsa kakyuleta. "Tangowonkhetsani nokha. Mwina maso angawa akalamba."

A Dokotala anadina manambala aja mwaukali. 112. Anafufuta, nayambiranso pang'onopang'ono. 112. Apa n'kuti wometa tsitsi atatuluka ndi lumo m'manja, kasitomala wake ali pambuyo, mutu wometedwa theka.

"Makinawa ali bwinobwino?" anafunsa a Dokotala.

"Mabatire ndaika dzulo."

Anawonkhetsa kachitatu, nakanda pakhosi, namasula tayi. "Kwenikweni," anatero, "ndinkafuna kuona ngati ophunzirawa ali tcheru."

"Eya, n'zomveka. Ndiye amene ali tcheruwo ndi amene mukuwatengera ku komiti?"

Kasitomala wa mutu watheka uja ndiye anayamba kuseka, mpaka kutsamira khoma. A Dokotala analimba nkhope kwa kamphindi, koma sizinatheke. Nawonso anaphulika. Anatembenukira ophunzira aja n'kunena kuti za komiti zatha, ndipo kalasi yonse ikonze tebulolo pofika Lachisanu.

Atachoka, Mayi Koma anakhala pa katoni ya mapepala, napempha madzi akumwa, ndipo kwa theka la ola anasindikiza ntchito za anthu osawerenga ngakhale mzere umodzi.

Patatha sabata, a Dokotala anabweranso, ulendo uno n'kuima pamzere. Anatulutsa mulu wa masamba mazana awiri, buku limene ankalemba.

"Mungondimangira basi, amayi," anatero motsitsa mawu. "Koma sindikufulumira."

Analitenga patapita masiku anayi, lili ndi tizizindikiro ta pensulo m'masamba makumi atatu. Kuyambira pamenepo, pepala lawo lililonse limayamba ladzera pageti.

Chaka chino mwana womaliza wa Mayi Koma, mtsikana, wasankhidwa kukaphunzira zamalamulo pa yunivesite yomweyo. Mayi ake anavina mpaka kugwetsa mulu wa maenvulopu. Koma ntchito yoyamba itaperekedwa, anamuona mtsikanayo akudutsa kashopu kawo ngati sakukadziwa, n'kuwoloka msewu, kukasindikiza kwa munthu wina.

Madzulo ake anamufunsa. "Iwe, makina anga akulakwira chiyani?"

"Palibe, amayi. Ndikungofuna ndilakweko ndekha."

Telala anasiya kusoka, nayang'ana mwana wakeyo mwa ulemu waukulu.

Mayi Koma anangotenga ntchito ija pa tebulo, osaitsegula, naitembenuza uku ndi uku.

"Taonani bambo," anatero. "Munthu uja waya womangira waika kudzanja lamanja, m'malo mwa lamanzere."