Aneba Anga Odana ndi Mpando

Aneba anga amandipsetsa mtima. Imvi zili mbuu, koma kukhala pansi amakuyesa tchimo. Ndikawaitana ku bawo amati, "Aphunzitsi, bawo amadyetsa ana?" Chipongwe chimenecho ndinachisunga. Ngakhale pamaliro sakhazikika, amangosuzumira njinga yawo, mtima uli ku fodya. Ndawauza kambirimbiri kuti ngakhale mathiraki a pa boda amazimitsa injini kuti izizire, koma makutu awo ndi okongoletsa mutu chabe.

Kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, apumeko. Akazi awo, pofuna kuwapulumutsa, anadzabisa njinga ija kwathu. Mkuluyo ananyamuka wapansi dzuwa likuswa mtengo, ulendo wa kumunda ku Mkanda, n'kukagwa m'chigafa cha fodya. Mkono wamanja unafa tsiku lomwelo.

Ndinkati tsopano aphunzirapo. Dzulo ndinawapeza pakhonde akukalipa.

"Amake Zelifa, tandimangirirani khasu kumkonoku. Udzu ukundiseka kumunda!"

Mayiwo anaponya khasulo kutali, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, fodya akafa tidzabzala wina chaka chamawa. Nanga inuyo tidzakubzalani kuti?"