Kukapempha Bokosi ku Chitala

Zaka zimene matipate anali atangofika kumene, aliyense ku Salima anali wandale. Ngakhale mbuzi za ku Maganga zinkalira mogawikana zipani, ndipo wokayika akafunse eni mbuziwo. Ine ndinali mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi nyanja, mwana wa kumapiri a ku Dedza, munthu woti madzi akangofika m'mawondo ndimayamba kulapa machimo.

M'nyumba yoyandikana ndi yanga munkakhala mayi ena a ku Japani ophunzitsa masamu. Anali ndi kakanema kakang'ono ndi kamakina kotuwa kochitira masewera. Atawasamutsira ku Chitala, kunyumba yopanda magetsi, anandisungitsa zonsezo mpaka nthawi yawo yobwerera kwawo. Asananyamuke anandiphunzitsa podina ndi kasungidwe ka pamene ndalekezera, n'kundifotokozera nkhani ya m'masewerawo, poti zolemba zake zonse zinali za Chijapani, zija zooneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Nkhani yake inali ya mnyamata amene mphepo inamutaya kutali ndi chilumba cha kwawo. Mayi ake ankayesa kuti anamira, ndiye ntchito yathu inali kumufikitsa kwawo. Mawu omaliza a mayi a ku Japaniwo anali akuti, "Mukasowa njira, tsegulani mabokosi."

Ndinkasewera Loweruka masana, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha. Kutentha kwa ku Salima sindikunena zambiri, koma ndinaonapo ndi maso angawa buluzi akupempha madzi pampopi. Tsiku lina pakhomo panaima bambo amene ankandigulitsa usipa. Tonse tinkawatcha a Siginala, chifukwa ntchito yawo inali yokhala m'bwato la nyali n'kumauza asodzi anzawo poti aponye khoka. Anali Msilamu wofatsa, wosaseka wamba. Nditawauza za mnyamatayo, anatula dengu pansi n'kukhala pampando.

"Aphunzitsi, mayi akewo sadaka ya maliro ake anachita kale?"

Ndinati sindikudziwa. Apo m'pamene anandiuza kuti iwo ali anyamata mwera unawatengera tsidya la ku Mozambiki, ndipo pobwera anapeza maliro awo atalira kale, mayi awo atauma ngati chinangwa chokhalitsa padenga. "Mwanayu akafike," anatero. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera. Inali nyengo ya mvula, chilumba cha Mbenji chili chotseka kwa asodzi, choncho nthawi anali nayo. Kamakinako sankakagwira. Wodina ndinali ine, iwo wolamula.

Masewerawo anawakonda pa zifukwa zawozawo. Ndewu zake zinali zaulemu: chilombo chimenye, chidikire, iwenso umenye. Anati ku Nyumba ya Malamulo akanatengera pomwepo dziko likanapita patali. Anakondanso kuti mnyamatayo ankapeza anzake m'njira, mtsikana wodziwa mankhwala ndi chimunthu china chandevu, onse n'kumayenda mondondozana ngati akupita kudimba. Zimene ankayankhulana sitinkazimva, koma nyimbo ikasintha tinkadziwa kuti apa pagwa zovuta, ndipo a Siginala ankamasulira mosadodoma. Ndikulumbira, Chijapani chawo chinali chomveka kuposa cha eni ake.

Chimodzi chokha chinawaipira. Mnyamatayo ankangolowa m'nyumba za eni osaodira, n'kumasuzumira m'mitsuko, mwini nyumba ali chiimire pomwepo.

"Astaghafirullah! Mwana ameneyu analeredwa ndi ndani? Mubwezeni panja."

Ndinamubweza. Lamulo linakhazikika: pakhomo lililonse a Siginala ankati "Odi!", ine n'kuyankha ndi mawu aang'ono kuti "Lowani!", kenako n'kulowa. Za m'mitsuko ndi m'mabokosi zinali haramu, zosakhudza. Zotsatira zake, mnyamata wathu anali mphawi woposa onse amene anayendapo m'masewera a ku Japani. Anzake a m'mayiko ena ankavala zitsulo, wathuyu ankamenyana ndi zinjoka atagwira kandodo. Zilombo zina zinkatiyang'ana n'kutidutsa dala chifukwa cha chisoni. Zimenezi n'zoona, ndinalipo.

Tinakwawa choncho mpaka kufika padoko pamene panali ngalawa yopita kuchilumba kwawo kwa mnyamatayo. Mwini ngalawa anakana kunyamuka. Tinayankhula ndi aliyense m'mudzimo, ngakhale galu. Tinazungulira thengo lonse. Chinatsala ndi bokosi limodzi lofiira m'nyumba ya agogo ena, iwo ali chiimire pambali pake.

Mvula inali ikutha. Mbenji akatsegula, a Siginala amapita n'kukakhala komweko miyezi yambiri, ndipo pobwera akanapeza mayi a ku Japani atanyamuka ndi kamakina kawo. Akapanda kumuona mnyamatayo akufika tsopano, sakanamuonanso.

"Akulu," ndinawanyengerera, "agogowa ndi timadontho ta magetsi. Sakadandaula kwa aliyense."

"Ndiye munthu akakhala wosatha kudandaula tizimubera? Kusukuluko mumaphunzitsa zimenezi?"

Ndinati titseke maso podina. Anati Mulungu satseka. Anayang'anitsitsa agogo aja, agogonso akuwayang'ana, kenako anati, "Nkhalambayi ili ndi abale. Mayi a ku Chitala aja si a mtundu wake? Tikapemphe kumeneko."

Loweruka lotsatira tinapalasa njinga kupita ku Chitala, iwo atamanga kumbuyo utaka wouma wosankha bwino. Mtunda wake ndi woti ndinanyamuka ndili ndi thupi, n'kukafika lamba akuzungulira kawiri. Tinawapeza mayiwo pakhonde akuchonga mayeso. Titapatsana moni, a Siginala anayala nkhani yonse mwadongosolo ngati ankhoswe: za mwana wotayika, za mwini ngalawa wouma mutu, za agogo ndi bokosi lawo.

Mayiwo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Chichewa ankachitha ndithu, chongosowa mchere pang'ono. "Bambo, m'masewera amenewa aliyense amatenga. Anaika kuti mutenge."

"Ndiye kwanuko munthu amangolowa n'kuvundukula miphika ya eni?"

"Ayi! Kwathu ngakhale nsapato timavula pakhomo."

"Basi tagwirizana, mayi. Mwana uja ndiye wopulukira. Ife tabwera kwa inu monga mdzukulu wa agogo aja. Mukatikaniza tibwerera, palibe mlandu."

Mayiwo anandiyang'ana kuti mwina ndiseka. Ine nkhope yanga sinasekepo chibadwire, azamba ndi mboni. Atazindikira kuti bamboyo wapalasa mtunda wonsewo ali ndi mtima umodzi, anaika cholembera pansi, anaimirira, n'kuwerama mwa kwawo.

"Agogo avomera," anatero. "Tengani. Koma mwanayo akafike kwa mayi ake."

"Inshallah," anayankha a Siginala, n'kupereka utaka ndi manja awiri.

Titabwerera tinatsegula bokosi lija, ndipo munali nyali. A Siginala anangogwedeza mutu, akuti mwini ngalawa anali munthu wanzeru, panyanja sapita chimanjamanja. Ataona nyaliyo mwini ngalawa anavomera, ndipo tinawoloka. Pakati pa madzi panavuuka chinkhanu chachikulu ngati tchalitchi, ndipo chinatipha kangapo konse kandodo kathu kasanachigonjetse. Chala changa chamanthu chinaphwa moti mpaka lero chidindo changa sichigwira inki.

Tinafika pachilumba cha kwawo kwa mwanayo kutatsala pang'ono kuti Mbenji atsegule. Kamudzi kake kanali kakang'ono, nyumba ya mnyamatayo ili kumapeto. Mkati munali mayi atafulatira. Atatembenuka, kanyimbo kanasintha, mayiyo anathamanga n'kudzaima pafupi ndi mwana wake, ndipo pansi pa kanema panayamba kutuluka mizere ya zolemba, wina pambuyo pa unzake. Ndinadikira kuti a Siginala amasulire monga mwa masiku onse. Sanamasulire. Anavula kofia, anaiyang'ana mkati, anaivalanso. Patapita nthawi anati, "Dinani pang'onopang'ono, aphunzitsi. Asiyeni amalize."

Mayiyo atamaliza, kanema anachita mdima, kenako kunacha. Pakhomo panali pataima msilikali wa mfumu, ndipo anzake a mnyamatayo anali atandanda kale panja, okonzeka ulendo wina. Zinaonekeratu kuti dziko lonse linali pamoto ndipo wozimitsa wake anali mwana wathu wa kandodoyu.

"Akufuna chiyani ameneyu?"

"Akuti mnyamatayu apitenso, akulu."

"Wangofika dzulo! Mafumu alibe ana awo? Mubwezeni m'nyumba, musunge masewerawa pomwepo, muzimitse."

Ndinatero. A Siginala ananyamula dengu lawo, ndipo sabata yomweyo anakwera bwato la ku Mbenji.

Mayi a ku Japani atabwera kudzatenga katundu wawo anafunsa pamene tinalekezera. Nditawauza, anati pamenepo m'poyambira chabe, nkhani yeniyeni inali kutsogolo, ya mizinda youluka ndi mfumu yoipa. Anati ngati ndikufuna andifotokozera mathero ake. Ndinakana. Ndinangowapempha kuti akakafika kwawo, malo amene tinasungira masewera athu aja asakawafufute, ndipo analonjeza. Choncho monga ndikudziwira ine, dziko lija likuyakabe, ndipo mnyamatayo ali kwa mayi ake, akunenepa.