Mtima wa pa Bedi la Pakona

Ntchito yawo yeniyeni inali yosoka, koma kamodzi pachaka Anamluzu ankafunditsa makina awo nsalu n'kupita kukagona pa bedi la pakona kuchipatala chachikulu. Sankapitira kukachira ayi, ankapita kukakhala funso la mayeso. Anabadwa ndi mtima woti ukamagunda umatulutsa kaphokoso ngati mluzu, ndipo dzina lawolo linachokera pomwepo.

Dokotala akafuna kuvomerezedwa kukhala katswiri wa matenda a mtima amaphunziranso zaka zingapo, amalemba mayeso a papepala, kenako amaimirira pamaso pa akuluakulu kuti apime wodwala weniweni. Wodwalayo, kwa zaka zosawerengeka, anali iwowa. Lamulo linali limodzi: wodwala pakamwa tseke. Woyesedwa amvetsere yekha, anene yekha zimene wapeza, belu likalira atuluke. Anamluzu ankalisunga lamuloli monyadira.

"Onsewa ndi ana anga," ankamuuza mng'ono wawo. "Ngakhale wamkulu wa mayeso wa imvi uja, anayamba wanjenjemera pachifuwa panga pano."

Chaka chino anafika akupuma mobanika. Kwa miyezi ankagona chokhala, mapazi atatupa, ndipo kamluzu kamene ankakamva okha akatsamira pilo kanali kakuzilala. Ankachita mantha, koma sanauze dokotala aliyense.

"Achemwali, mukawauzetu," anatero mng'ono wawo pachipata.

"Iwe, ndikukagona pakati pa madokotala okhaokha. Akamva okha."

M'chipinda cha mayeso munali zii, makatani obiriwira atatsekedwa dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu awiri oyesa mayesowo anawapatsa moni wansangala n'kukhala pansi osawapima. Apimirenji? Mtima umenewu ankaudziwa ngati njira ya kwawo.

Belu linalira. Woyesedwa woyamba anaika chomvera mtima chozizira pachifuwa pawo, anatsinzina, n'kufotokoza mluzu wamphamvu wofika mpaka m'khosi. Akuluakulu anagwedeza mitu. Wachiwiri ananena zomwezo, mawu ake omwewo. Wachitatunso. Nkhani ya bedi la pakona inali itawanda kalekale pakati pa ophunzira, ndiye aliyense ankalowa yankho lili kale m'kamwa. Anamluzu anazindikira chimene chinkachitika. Anthuwa ankafotokoza mtima wa chaka chatha.

Kenako kunalowa dokotala wamkazi wowonda, amene mayesowa anali atamukanapo kale. Anamvetsera nthawi yaitali, anasuntha chomvera chija, anagwira mapazi otupa aja, n'kuwayang'ana Anamluzu m'maso.

"Mluzu sukumveka kwenikweni, adokotala," anatero. "Ndikuona ngati mtimawu watopa, ulibenso mphamvu yoti n'kuliza phokosolo. Mayiwa sakuyenera kukhala pa mayeso. Akufunika thandizo lero lomwe."

Wa imvi uja anamwetulira mwachisoni. "Amene abwera musanalowe onse aumva. Inu nokha ndiye mwauphonya?"

Dokotala wamkaziyo anatembenukira kubedi. "Amayi, mukupuma bwanji masiku ano?"

Anamluzu anatsala pang'ono kuyankha. Koma zaka zonsezi Anamluzu anali asanathandizepo woyesedwa ndi kamodzi komwe, ndipo mwana wawo wa imvi uja anali kuwayang'ana ndi maso owakhulupirira. Anasunga lamulo. Belu linalira, dokotalayo anatuluka akucheuka, chitseko n'kudzitseka chokha pang'onopang'ono.

Apa mpamene Anamluzu anafuna kumuitana kuti abwerere, koma mpweya woitanira unali utatha. Zala zinazizira, makatani aja anayamba kuoneka patali. Anamvetsera m'kati mwawo, ndipo munali chete ngati m'nyumba imene eni ake asamuka.

"Wotsatira!"

Analowa mnyamata wa tayi yofiira, wodzidalira. Anaika chomvera chija pachifuwa pawo, anatsinzina monga anachitira anzake, n'kuwongoka akumwetulira.

"Mluzu wamphamvu, adokotala," anatero. "Ukumveka mpaka m'khosi."

Akuluakulu anagwedeza mitu, n'kumulembera kuti wakhoza.