Giza ya a Mbewe ndi mzere wa kubafa

Abale anga, Loweruka lapitali ndinasamba madzi otenthedwa ndi dzuwa. Sindikunena a m'beseni loiwalika pabwalo ayi. Ndikunena madzi otuluka pampope, ofuka nthunzi, opanda kafungo ka utsi, mwezi wa Juni, kuno ku Chitipa kumene mphepo imakulowa m'malaya osagogoda! Mpaka lero ndikamayenda mumsewu ndikumangomwetulira ndekha.

Mwini zodabwitsazi ndi mnzanga a Mbewe, a ku Kasungu, amene amagulitsa zitenje ndi mafuta ophikira pamsika wa paboma. Anakwatira ku Misuku, ndipo akazi awo, alamu anga a Namwaka, ndi mayi wosadziwa kukhala pansi. Zaka zonsezi iwo ndiwo akhala akukoleza moto wa madzi osamba a nyumba yonse, mphika uwu ukaphulidwa wina n'kutereka. Chaka chino chifuwa chinawazunza, ndipo kuchipatala anawauza mosapsatira kuti atalikirane ndi utsi. A Mbewe analumbira ine ndili pomwepo: "Amake Tiya sadzauziranso moto chifukwa cha madzi osamba. Ndikanama, mudzandimete mpala."

Munthu uja anawolokadi malire kupita ku Tanzania, n'kubwerako ndi giza ya sola, thanki yonyezimira yokhala ndi timachubu tagalasi tondandalika m'munsi mwake. Mmisiri wa mipope anaikweza padenga, n'kuiyang'anitsa kumpoto kumene dzuwa limadzera nyengo ino. Tsiku loiyesa ndinaitanidwa ngati mboni. Kodi ndikanakana bwanji?

Ndinafika dzuwa litapendeka. Anthu odutsa anali chiimire pamsewu, makosi m'mwamba, ena akuti ndi chipangizo cha wailesi. Pakhonde ndinapeza apongozi awo a a Mbewe, bambo Simwaka, amene anatsika ku Misuku kudzaonetsa maso kuchipatala. Anabwera ndi azilongo awo awiri owaperekeza, azakhali a alamu anga.

"Mwaghona, tata," ndinawalonjera m'chinenero chawo, kamawu kamodzi komwe ndimakadziwa.

Anaseka, n'kuloza kudenga ndi ndodo. "Mkweni wanga uyu akuti madzi akupsa okha uko, popanda nkhuni. Maso angawa ngodwala, ndiye ine ndikaona na thupi."

Tsono inu mukudziwa kuti bafa la pa Malawi lili ndi mzere wake, ngakhale palibe amene anaulemba. Amayamba ndi akuluakulu ndi alendo, kenako bambo a nyumba, kenako ana. Palibe amene amauzidwa malo ake, aliyense amangodziwa.

Bambo Simwaka analowa. Tinamva madzi akuwaza, kenako kunangoti zii, kenako nyimbo ya kutchalitchi, ndime zake zonse, ina n'kuibwereza. Anatuluka nkhope ili phuliphuli. "Yewo chomene, mkweni! Msana uwu wawongoka!" A Mbewe anayenda pabwalo ngati tambala, chifuwa patsogolo.

Analowa azakhali oyamba, n'kutuluka atachapanso chitenje, poti madzi otentha aulere satayidwa. Achiwiri anatuluka atanyamula ndowa yodzaza, akuti yokaviikamo miyendo pakhonde. Kenako alamu anga anandigwadira, n'kunena kuti, "Alamu, madzi." Ndinalowa.

Ha! Ndikuuzeni chiyani? Inu amene munazolowera kutunga ndi kapu, uku dzanja lina likuteteza sopo kuti asagwe, uku msana ukuzizidwa pamene mimba ikufunda, simungamvetse. Madzi amagwa pamutu ngati mvula ya Disembala, koma yofunda. Ndowa imakuuza yokha kuti ndatha, tuluka. Shawa ilibe pakamwa, imangopereka. Nane ndinaimbako.

Analowa a Mbewe, kenako ana awo, Tiya ndi mng'ono wake, amene anatuluka akudandaula kuti madziwo angokhala ofunda pang'ono. Ife tinali pa macheza, palibe anamvetsera. Pomalizira penipeni, mbale atatsuka, matawulo a alendo atayanika, analowa a Namwaka.

Sanaimbe. Sanakhalitsenso. Anatuluka atadzikulunga chitenje mpaka m'khosi, milomo ili mbuu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Patapita kanthawi tinaona utsi ukukwera pang'onopang'ono, n'kudutsa pambali pa giza yonyezimira ija. Kenako tinamva kutsokomola.

Mtima wanga unawawa. A Mbewe anadzambatuka pampando, ine pambuyo. Tinawapeza atagwada pamafuwa, akuuzira moto, mphika wakale uja uli pamoto.

"Amake Tiya, n'chiyaninso ichi?"

"Palibe kanthu, bambo ake. Angozizira pang'ono. Ndangonyowetsa thupi, ndimalizitsa ndi awa."

"Koma wogulitsa uja anati ikwanira! Anandifunsa m'Chiswahili chake, watu wangapi, anthu angati. Ine ndinati anayi. Iye n'kundipatsa ya malita 100."

Alamu anga anaseka mpaka chifuwa chinawabwerera. "Anayi? Bambo ake, nyumba ino inagonapo anthu anayi liti?"

Safunsa anadya phula.

Ndiye taimani pamenepa, inu nonse amene mwayamba kuyang'ana madenga a anzanu ndi diso la kaduka. Funso la wogulitsa silinali loipa, yankho ndilo linali la m'buku la sukulu: bambo, mayi ndi ana awiri. Kodi nyumba ya paboma pano ndi ya anthu ake okha? Wa ku Wenya akabwera kuchipatala amagona kuti? Wa ku Kaseye akachedwa kumsika, njinga itaphulika tayala, amagogoda pa yani? Wa ku Misuku akatsika ndi khofi? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zoona, koma paboma pano mame awa akamakamuka, ena amakhala akugwa kale.

Palinso china chimene ambirife sitikudziwa. Giza ya sola si chitsime. Imatenthetsa madzi masana, ndipo amene yasunga ndi omwewo mpaka dzuwa la mawa. Mukamatunga otentha, ozizira amakhala akulowa m'thankimo kudzatenga malo, choncho woyamba amapsa, wapakati amafunda, womaliza amanjenjemera. Mmisiri uja, nditakumana naye kumsika Lolemba, anandiuza kuti iye amawerengera munthu wamkulu ndowa ziwiri za madzi otentha, n'kuonjezerapo za kukhitchini ndi zochapira, poti pakhomo pakakhala mpope wotentha ngakhale nkhuku imasosoledwa ndi madzi omwewo. Anatinso kumalo a nkhungu ngati ku Misuku thanki yaikulu payokha sithandiza, pamafunika timachubu tochuluka kapena yokhala ndi chotenthetsera cha magetsi chothandizira masiku a mitambo. Ndipo musanakweze chimthanki padenga, yambani mwaonetsa mmisiri mitengo ya dengalo, chifukwa madzi amalemera.

Koma tibwerere kuseri kwa nyumba kuja, poti nkhani sinathere pa malita.

A Mbewe, manyazi atawagwira, anabwerera pakhonde n'kulengeza lamulo latsopano. "Kuyambira mawa, woyamba kusamba m'nyumba muno ndi amake Tiya!"

Ine ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Azakhali aja anangogwira pakamwa. Koma amene anakana kwamtuwagalu ndi a Namwaka eni ake, atatulukira pakona ndi chikuni m'manja.

"Ine ndisambe adada asanasambe? Alendo ali pakhonde ndi fumbi la ulendo? Mukufuna ku Misuku konse akandiimbe nyimbo? Ayi, bambo ake, zimenezo ayi."

Pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Mzere wa kubafa susintha ndi lamulo la pakhonde. Mayiyu amasamba pomaliza osati chifukwa wina anamukankhira kumbuyo lero, koma chifukwa ulemu umene anakula nawo sumulola kuchita mwina, ndipo inu ndi ine timaukonda ulemu umenewu tikakhala alendo. Titha kukangana tsiku lina ngati mwambowu uli wachilungamo. Koma pamene tikukanganapo, madzi akuzizira pa munthu mmodzi yemweyo. Kale ankatereka mphika wake womaliza, ndipo ngakhale unali wa utsi, unali wotentha. Tikamugulira giza yaing'ono, tamulanda ngakhale mphikawo, kapena tamubwezera kumoto umene adokotala amuletsa.

Ngati ulemu wathu ndi waukulu chonchi, thanki nayo ikule. Musayeze giza ndi anthu a pachithunzi cha pakhoma. Iyezeni ndi tsiku limene nyumba yadzaza, mabulangete atayalidwa mpaka pabalaza, ndipo muwerenge mpaka mufike pa munthu womaliza pamzere. Iyeyo akatuluka m'bafa akuimba, ndiye kuti mwagula bwino.

A Mbewe sanadikire kuti ndiwamete mpala. Apanganapo kale ndi mmisiri kuti aike ina yokulirapo pambali pa yoyamba ija, pa nsanja yakeyake yachitsulo poti denga silingasenze zonse ziwiri. Pakadali pano apachika ndowa m'bafa, ndipo aliyense, kaya ndi mlendo kaya ndi mwini nyumba, akutunga ndowa imodzi pampope wotentha, osatsegula shawa. Ndamva kuti bambo Simwaka adandaula kuti nyimbo yawo sikutha, koma avomera, poti womaliza pamzereyo ndi mwana wawo.

Ine chimwemwe changa sichinathe ayi, chachita kuwirikiza. Giza ndikugula ndithu, ndipo malo ake padenga ndawaona kale. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nditabwerera kwathu tsiku lija ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala: ine, ana, mlamu amene anabwera kudzafuna ntchito, amalume amene amabwera mwezi ukatha. Ndinatembenukira kwa akazi anga, amene ankapinda zovala.

"Kodi amayi, m'nyumba muno amasamba pomaliza ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kupinda malaya anga.

Nanga kwanuko, mungayankhe osafunsa?