Sitima Yopanda Utsi

Mundikhululukire polemba izi. Sukulu yanga ndi yakumudzi, kufupi ndi kwa Mponda, ndipo munthu amene ndimunene pano ndi yemwe anandiphunzitsa kulemba chimangirizo. Ndayesa kumulemekeza mumtima, zakanika.

M'kalasi mwathu, Sitandade 5, munali chikatoni chokhomedwa pakhoma ndi minga. Aphunzitsi anajambulapo ndi makala sitima ya pamtunda: mutu wakuda, utsi ngati akuotcha njerwa, ndi timitu ta anthu tikusuzumira m'mawindo. Kwathu ku Mangochi kulibe njanji, ndipo iwo sankatopa kutikumbutsa. "Inu mumangodziwa bwato ndi usipa," ankatero akugogoda chikatonicho ndi ndodo. Tinkaseka nawo, ine kuposa atsikana onse, chifukwa ndinkafuna andione.

Patchuthi amalume, amene ankagulitsa usipa wouma, ananditenga kupita ku Liwonde. Tinakwera lole, pamwamba pa matumba. Tisanafike kumsika, loleyo inaima pamene njanji imadutsa msewu. Belu linkalira mosapumira. Nyali ziwiri zofiira zinkaphethira mosinthana, iyi ikayaka, inayo yazima. Bambo wina wovala ovololo anali pakati pa msewu ndi mbendera yofiira, akukalipira wanjinga amene ankafuna kuzemba. Kenako pansi panayamba kunjenjemera mpaka ndinamva m'mano.

Sitimayo inalibe utsi wa pachikatoni uja. Inkanunkha dizilo ngati chigayo. Inalibe mawindo, inalibe anthu, kupatula woyendetsa amene ankadya chinangwa osatiyang'ana n'komwe. Anali mabogi okhaokha, ena otseka, ena a matanki, ena ofunditsidwa matenti. Ndinawerenga makumi atatu ndi limodzi. Lililonse likafika pamsewu linkati gu-gudu, gu-gudu. Lomaliza litadutsa, belu linapitirirabe kulira pang'ono, kenako zii, nyali n'kuzima. Njira yonse yobwerera ndinkabwereza zimenezi chamumtima kuti ndisataye kanthu. Ndinkawanyamulira aphunzitsi.

Titatsegulira sukulu anatipatsa chimangirizo cha zimene tinaona patchuthi. Ndinalemba masamba awiri, mosamala, osafufuta paliponse. Anandiimiritsa kutsogolo n'kuwerenga mokweza, akusintha mawu ngati a kamwana. "Sitima yopanda utsi imayendera chiyani, phala? Yopanda anthu ikukatani kumene ikupitako?" Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Anati ndilembenso zoona, apo ayi dzina langa silipita ku Sitandade 6. Pofika nthawi yopuma ndinali kale Abiti Bodza.

Lero ndimadzifunsa kuti munthu wamkulu, wa tayi, ankapindulanji pogonjetsa kamtsikana kosavala nsapato.

Amalume atamva anaimirira. "Wallahi, ndipita ndikawafunse ngati anapondapo njanji chibadwire." Amayi anawagwira mkono. "Achimwene, inu mukalankhula n'kubwerera ku usipa wanu. Mwanayu ndiye atsale nawo." Ine ndinalira, kuwapempha kuti asapite, chifukwa ndinkaopa kuti aphunzitsi akhumudwa.

Ndinalembanso. Ndinaikamo utsi wophimba dzuwa, mluzu, ndi mayi wa duku lobiriwira akutibayibitsa pawindo. Anachonga ndi inki yofiira, n'kuwerengera kalasi yonse monga chitsanzo. Anzanga anandiombera m'manja. Ndinakondwa, ndipo chimwemwe chimenecho ndi chimene chimandinyansa kuposa ndodo yawo.

Tsiku lolandira zotsatira anandiitanira kuseri kwa kalasi, kumene kunalibe wina aliyense. Sanandiyang'ane kumaso. Ankachotsa choko m'zikhadabo.

"Nyali zija unati zinali zingati?"

"Ziwiri, aphunzitsi."

"Zimayaka pamodzi?"

"Ayi, mosinthana."

"Nanga belu limayamba sitima isanaoneke?"

"Inde."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akusunga kanthu, n'kutembenuka kumapita. Ine ndinaganiza kuti amandiyesa ngati ndasiya bodza, ndipo ndalephera. Sindikanatha kuganiza kuti mphunzitsi angafunse mwana chinthu chifukwa iye sachidziwa. Ndinawathamangira, n'kugwada pafumbi.

"Pepani aphunzitsi, ndanamanso. Kunalibe nyali."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Akanatha kunena mawu amodzi okha. Anangoti, "Wakhoza, pita kwanu."

Linali Lachisanu lotsekera teremu yachitatu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.