Kadzidzi wa pa Geti la Ba Mpundu

Ba Silas amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu m'komboni ya Kalingalinga. Agogo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino, koma iwo anabadwira konkuno. Malo amene amagwirirapo ntchito si awo. Ndi kutsogolo kwa mpanda wa Ba Ida, mayi wamasiye wa mvano, ndipo chingwe cha magetsi chimachokera m'khitchini mwa mayiwo. Ba Ida atachizula, ntchito ya Ba Silas yathera pomwepo.

Tsiku lina kunafika Ba Mpundu, mphunzitsi wopuma pantchito, kudzafuna geti lokhala ndi dzina lawo m'zilembo za Aigupto akale. Anaonetsa zithunzi pa foni: mbalame, madzi, dzanja.

"Manje dzina ili kuti apa?" anafunsa Ba Silas.

Ba Mpundu anakhala pa chitini cha penti nayamba kufotokoza. Dzanjalo silikunena za dzanja, likuimira liwu la d. Mzere wokhotakhota wa madzi ndi n, kabokosi ndi p. Kamwana ka chinziri kwenikweni ndi w, koma anthu a lero amakabwereka polemba u. Ba Silas anajambula zonse pansi ndi choko, akutchula liwu lililonse ngati mwana wa giredi wani, ndipo anakondwa kwambiri. Koma atabwerera ku chilembo choyamba cha dzinalo, m, anapeza kuti ndi kadzidzi.

Anamupanga ndithu, pakuti ntchito ndi ntchito. Anapinda waya bwino, maso nkukhala timawashala tiwiri, tizitsulo tozungulira ta bowo pakati. Kenaka anachita zimene wowotcherera aliyense wa kumeneko amachita: katundu akatha amamuimika poonekera kuti odutsa aone luso. Anatsamiritsa getilo pa mpanda wa Ba Ida, osaganizanso kawiri.

Ba Ida anatuluka ndi tsache m'manja, naona kadzidziyo pa mpanda wawo.

"Ba Silas, nindani wamene mufuna afe pano?"

"Palibe, amai. Ni chilembo chabe."

"Chilembo chili na maso? Chosani, olo nizula nthambo yanga lelo. Mukawotchelele kwa ambuye banu ku Dedza."

Getilo linali lolemera, ndipo galimoto yodzalitenga inali ya Loweruka. Ba Silas anapukuta manja pa ovolosi. Analongosola mwaulemu kuti kwa Aigupto mbalameyo sinali kulosera maliro polemba, inkangonyamula liwu. Ba Ida anayankha kuti ngati ili ndi liwu ikalirire kwina.

Ba Silas anagwada, natenga choko.

"Lekani nilembe dzina yanu, muone."

Anayang'ana pa chithunzi cha zilembo chimene Ba Mpundu anawatumizira pa foni. Anajambula bango, ndiye i. Anajambula dzanja. Pa chilembo chomaliza choko chinaima, chifukwa chilembo cha a ndi muimba, mbalame yodya zakufa. Anafuna kunama kuti ndi nkhunda, koma mlomo wa mbalameyo anali ataujambula kale wopindika.

"Iyi ni chani?"

"Ni muimba, amai."

"Ine? Wa mvano?"

Ba Ida anawerama nayang'anitsitsa, akutchula pang'onopang'ono, chala chikuyenda kuchoka pa bango kufika pa mbalame. Dzina linatuluka lonse. Anaseka mpaka kutsamira tsache.

"Zaka zonse izi niyenda na muimba kumbuyo, na kuchalichi ningena nayo, sininafe."

Komabe sanagonje kotheratu. Analowa m'nyumba natuluka ndi thumba la ufa lopanda kanthu, nalamula kuti kadzidziyo avale kumutu mpaka Loweruka, chifukwa anzawo a mvano amadutsa pomwepo Lachinayi. Ba Silas anamumanga thumbalo ndi waya mosamala, nabwerera ku mafelemu a mawindo amene ankawadikira.